Mwalonjeza antchito penshoni? Umu ndi mmene mungaiwerengere, kuilemba m'mabuku ndi kuisungira ndalama

Ine ntchito yanga ndi ya mabuku a ndalama, kwathu ndi ku Ulongwe koma ntchito inandikokera kuno kotentha ku Tete, ndipo pali nkhani imodzi yomwe mpaka lero imandikhala pamtima. Madala ena omwe anayendetsa thiraki zaka 24 pa kampani ina yomwe sinditchula, Moatize mpaka Beira usiku ndi usana, anabwera ku ofesi ndi kapepala kopindapinda kolembedwa kuti akadzapuma azidzalandira kangachepe mwezi ndi mwezi pamwamba pa za INSS, bungwe la boma la chitetezo cha antchito. Pepalalo linali lenileni, siginecha ya bwana inalipo, chidindo chinalipo, koma nditatsegula mabuku munalibe olo metikali imodzi yolembedwa kuti kampani ili ndi ngongole kwa madalawa, ndipo ku banki kunalibe akaunti iliyonse yosungira. Kampani sinakane ayi, inalipira, koma inachita kugulitsa galimoto, ndipo kumbuyo kwao kunali madalaivala ena anayi oti apuma m'zaka ziwiri zokha. Nde ndati ndilembe izi kwa anzanga owerengera ndalama, mabwana a makampani komanso a sindikato, mabungwe oimira antchito, omwe mumakhala pa tebulo lokambirana.

Tiyambe tasiyanitsa zinthu chifukwa ambiri timangoti reforma reforma, kutanthauza penshoni, osadziwa kuti ilipo mitundu. Ya INSS ija ndi yokakamiza, 7 peresenti ya malipiro, 4 amaika olemba ntchito 3 amadulidwa wantchito, mukatumiza ndalamazo inu nkhani yatha, m'buku mumangolemba ngati ndalama yotuluka mwezi umenewo basi. Lamulo la 4/2007 la chitetezo cha anthu linatsegulanso khomo la penshoni yowonjezera, ndipo pamenepo pali njira ziwiri. Ina amati contribuição definida, kampani imalonjeza zoika zokha, tinene 5 peresenti mwezi uliwonse, zikabereka zabereka zikalephera ndi tsoka la wantchito. Inayo, yomwe tikukamba pano, amati benefício definido, kampani imalonjeza zomwe munthu adzalandire, ndiye kaya ndalama zosungidwa zabereka kaya zapsa, kaya munthuyo wakhala ndi moyo zaka 5 kaya 30, wosenza mtolo ndi kampani. Walira mvula walira matope.

Ntchito yoyamba ndi kufufuza lonjezolo komwe labisala. Osangoyang'ana chikalata cholembedwa kuti penshoni pamwamba, werengani makontilakiti akale, mgwirizano wa ndi sindikato, makalata omwe bwana wakale ankalembera anthu ake okondedwa. Ndalama ya kamodzi yopatsa munthu tsiku lopuma, monga malipiro a mwezi umodzi pa chaka chilichonse chomwe wagwira, nayonso ndi mtundu womwewu. Kulipirira chipatala anthu opuma chimodzimodzi. Ndipo olo zisanalembedwe paliponse, ngati mwakhala mukupereka kwa aliyense wopuma kwa zaka zambiri mpaka antchito onse amadziwa kuti nawonso adzalandira, muyeso wa IAS 19, womwe umatsogolera kalembedwe ka malipiro ndi penshoni za antchito m'mabuku pa dziko lonse, umati imeneyo ndi ngongole ndithu, chizolowezi chasanduka lonjezo.

Mukapeza, konzani kaundula wa anthu. Tsiku lobadwa, tsiku lolowa ntchito, malipiro omwe penshoni idzawerengeredwe, mwamuna kapena mkazi, ndipo ngati lonjezo likukhudza wamasiye lembaninso zaka za mkazi kapena mwamuna wake. Kuno kwathu apa mpomwe pamavuta, anthu ambiri a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga anakulira ku Malawi nthawi ya nkhondo nkubwerako itatha mu 1992, ndiye mupeza munthu BI, chiphaso chake cha unzika, ikunena chaka china, pepala la sukulu ya ku Dedza kapena ku Ntcheu likunena china, khadi la INSS chinanso. Khalani naye pansi mugwirizane chaka chimodzi chomwe chili pa BI ndipo mapepala ena akonzedwe, chifukwa kusiyana kwa zaka zitatu zokha kumasuntha ngongole ndi ndalama zambiri zedi.

Tsopano kuwerengera. Ntchito imeneyi mwini wake ndi katswiri yemwe pa Chipwitikizi amati actuário, ndipo musayerekeze kuika m'mabuku nambala yopanda lipoti lake, koma inu muyenera kumvetsa zomwe akuchita apo bii muzingosaina zinthu mwachimbulimbuli. Tiyeni tipange chitsanzo, manambalawa ndangopeka kuti tione njira.

Titenge makaniko wa zaka 40, analowa ntchito ali ndi zaka 30, adzapuma pa 60. Pano amalandira mametikali 30,000 pamwezi. Lonjezo likuti chaka chilichonse chomwe wagwira chimampatsa 1.5 peresenti ya malipiro ake omaliza. Mawu oti omaliza ndi amene amapweteka, chifukwa sitiwerengera pa 30,000 ya lero koma pa yomwe azidzalandira ali ndi zaka 60. Tikati malipiro azikwera 6 peresenti chaka ndi chaka, pakutha zaka 20 adzakhala pa 96,200. Akadzakwanitsa zaka 30 za ntchito ndiye kuti 45 peresenti, pafupifupi 43,300 pamwezi mpaka imfa. Koma lero sitilemba zonsezo ayi, timalemba gawo lomwe wagwirira kale, zaka 10, kutanthauza 15 peresenti ya 96,200, yomwe ndi 14,430 pamwezi kapena 173,200 pachaka. Njira imeneyi yoona chaka chilichonse ngati njerwa imodzi yowonjezera pakhoma ndi yomwe IAS 19 imalamula, dzina lake projected unit credit.

Tinene kuti akapuma adzakhala ndi moyo zaka 15. Funso ndi loti kodi ndalama zoti zidzayambe kutuluka zaka 20 kutsogoloku, lero ndi zingati? Apa mpomwe pamalowa taxa de desconto, chiwongoladzanja chobwezera ndalama za mtsogolo ku mtengo wa lero. Ganizo lake ndi lapafupi, ngati ndalama imabereka 12 peresenti pachaka, kuti ndidzakhale ndi 112 chaka chamawa ndikufunika 100 lero. Tikagwiritsa 12 peresenti, penshoni ya zaka 15 ija pa tsiku lopuma ikufuna thumba la pafupifupi 1,180,000, ndipo tikaibweza zaka 20 kufika lero ikutsika mpaka 122,300. Imeneyo ndiye ngongole ya kampani kwa makaniko mmodziyu lero lino. Actuário weniweni adzaikamo zina, mwayi woti munthuyo amwalira asanafike 60, kusiya ntchito, kulumala, ndipo zaka za moyo satenga nambala imodzi ngati ndachitira ine koma matebulo a imfa, omwe kawirikawiri amabwerekedwa ku South Africa kapena ku Ulaya nkuwasintha pang'ono, nde mufunseni kuti watenga ati ndipo chifukwa chake nchiyani.

Pano ndikufuna ndichedwepo chifukwa mpomwe ambiri timanamizika. Sinthani 12 ija ikhale 10 peresenti, china chilichonse chikhale chimodzimodzi, munthu yemweyo, malipiro omwewo. Ngongole ikuchoka pa 122,300 kufika 195,800. Yakwera ndi 60 peresenti popanda aliyense kukwezedwa malipiro olo kulembedwa ntchito! Kuno ku Mozambique chiwongoladzanja chimakhala chokwera, ndiye ngongole ya penshoni m'buku imaoneka yaing'ono, bwana nkumasangalala, chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Tsiku lomwe chiwongoladzanja chatsika dziko lonse likusangalala kuti ngongole za ku banki zapepuka, inu ngongole yanu ya penshoni ndi pomwe ikufufuma. Ndipo nambala imeneyi simusankha mmene mwafunira, muyeso umati mutenge pa mabondi, mapepala a ngongole omwe amabereka chiwongoladzanja, a makampani odalirika kwambiri, ndipo ngati msika wa mabondi otero ndi wochepa ngati kuno, mutenge pa mabondi a boma a ndalama yomweyo yomwe penshoni idzalipiridwe, ndiye kuti Obrigações do Tesouro ngati lonjezo lili mu metikali. Vuto nloti mabondi a boma ambiri ndi a zaka zochepa pomwe lonjezo lathu likufika zaka 35 kutsogolo, nde actuário amachita kutalikitsa mzere ndi nzeru zake, ndipo inu muli ndi ufulu womufunsa kuti wautalikitsa bwanji. Chinanso yang'anani kuti manambala akugwirizana, munthu asakuikireni 15 peresenti pa desconto kwinaku akuti malipiro azikwera 3 peresenti yokha, chiwongoladzanja chimakwera chifukwa mitengo ikukwera ndipo mitengo ikakwera antchito sakhala chete. Amene munalipo 2016 mukukumbuka, metikali inagwa, mitengo ya zinthu inakwera kupitirira 20 peresenti pakutha pa chaka, thumba la ufa pa msika linasintha mtengo tikuona.

Tabwera ku mabuku tsopano. Makampani akuluakulu ndi apakati kuno amatsata PGC-NIRF, ndondomeko ya kalembedwe ka mabuku a ndalama ya Decreto 70/2009, yomwe inachokera ku miyeso ya dziko lonse, ndipo omwe ali ndi eni ake kunja amatumizanso malipoti motsata miyeso ya dziko lonseyo, IFRS yeniyeni. IAS 19 inasinthidwa mu 2011 nkuyamba kugwira mu 2013, pomwe anachotsa kanjira kakale ka corridor komwe kamalola kubisa kutayika kwina kosapitirira 10 peresenti nkumakulowetsa pang'onopang'ono. Poti PGC-NIRF inalembedwa kusinthaku kusanachitike, gwirizanani ndi odita wanu chaka chisanathe kuti mutsata njira iti, mulembe pansi. Ine ndikufotokoza ya IAS 19 ya masiku ano chifukwa ndi yomwe imaonetsa chilungamo poyera.

Tinene kuti kampani inasunga kale 90,000 m'thumba la penshoni la makaniko uja. Pa balansi simulemba 122,300 mbali ina ndi 90,000 mbali ina ayi, mumalemba kusiyana kwake, 32,300, ngati ngongole. Chaka chikamayenda zinthu zitatu zimachitika. Munthuyo wagwira chaka china, waika njerwa ina, mtengo wake 13,700, umenewu ndi custo do serviço ndipo umalowa pa ndalama zolipira antchito. Kenako ngongole yakale yayandikira tsiku lolipira ndi chaka chimodzi nde yabereka 12 peresenti, 14,700, koma nalo thumba timaliwerengera 12 peresenti yomweyo, 10,800, zotsala 3,900 ndiye chiwongoladzanja chomwe chikulowa pa phindu ndi kutayika. Pamodzi chaka chimenecho penshoni yadya 17,600 ya phindu la kampani. Chachitatu ndi kusiyana kwa zomwe tinaganiza ndi zomwe zachitikadi. Thumba tinaliwerengera 10,800 koma labereka 6,000 yokha, ndiye 4,800 yatayika, imeneyi siidutsa pa phindu la chaka, imapita ku outro rendimento integral, gawo lapadera la lipoti, nkukadya chuma cha eni kampani mwachindunji, ndipo siidzabwereranso ku phindu mtsogolo. Kusintha kwa desconto kuja, kapena anthu kukwezedwa malipiro kuposa mmene tinaganizira, nakonso kumadzera khomo lomweli.

Kampani yaika 20,000 m'thumba kumapeto kwa chaka. Tiyeni titseke. Ngongole yonse 122,300 kuphatikiza 14,700 kuphatikiza 13,700 ikukwana 150,700. Thumba 90,000 kuphatikiza 6,000 kuphatikiza 20,000 likukwana 116,000. Dzenje ndi 34,700. Yesaninso njira ina, 32,300 kuphatikiza 17,600 kuphatikiza 4,800 kuchotsa 20,000, mupeza 34,700 yomweyo, zikapanda kukumana ndiye kuti pena palakwika musatseke buku. Onani bwino apa, kampani yaika 20,000 yathunthu koma dzenje lakula. Ndipo 20,000 imeneyo si imene mumalemba ngati ndalama yowonongedwa chaka chimenecho, cholakwika chomwe ndimachipeza kawirikawiri nchimenechi, munthu amangotenga risiti ya ku banki nkuilemba ngati custo basi. Ndalama yoikidwa m'thumba imangochepetsa ngongole.

Mukasintha lonjezo, tinene sindikato yapambana 1.5 ija yakhala 2 peresenti kuphatikiza zaka zakale, mtengo wonse wa zaka zakalezo umagwera pa phindu la chaka chomwecho nthawi imodzi, nde muwerengeretu musanasaine osati mutasaina. Thumba likaposa ngongole musathamangire kulemba zotsalazo ngati chuma cha kampani, zimaloledwa pokhapokha ngati kampani ingathedi kuzibweza kapena kuchepetsa zoika mtsogolo.

Kulemba m'buku ndi kusunga ndalama ndi ntchito ziwiri zosiyana abale. Mutha kulemba ngongole molondola mpaka odita kukuyamikirani koma nkhokwe ili mbee, ndipo wopuma sadya manambala. Njira yoyenera ndi fundo de pensões motsata Decreto 25/2009, thumba loima palokha losiyana ndi chuma cha kampani, loyendetsedwa ndi kampani yovomerezeka yosamala mathumba otere kapena ya inshuwalansi ya moyo, ndipo ntchito yoyang'anira inapatsidwa kwa ISSM, bungwe la boma loyang'anira inshuwalansi, ku Maputo. Kampani yaikulu itha kutsegula thumba lakelake lotseka, yaing'ono ingolowa m'thumba lotseguka momwe muli kale ena, zimatchipa. Akaunti wamba ya ku banki yomwe mwangoilemba dzina loti penshoni koma siginecha ndi ya bwana yemweyo, imeneyo si thumba, mwezi womwe dizilo wavuta idzatapidwa, kampani ikagwa angongole adzaitenga, ndipo IAS 19 siilola kuti muichotsere pa ngongole. Zoterezi zinaonekapo ngakhale kwa azungu, Robert Maxwell atamwalira mu 1991 zinadziwika kuti mapaundi opitirira 400 miliyoni anatapidwa m'mathumba a penshoni a makampani ake ku Britain, ndipo ku America fakitale ya magalimoto ya Studebaker itatsekedwa mu 1963 antchito zikwi anapeza kachigawo kochepa chabe ka zomwe analonjezedwa, ena osapeza kanthu, nkhani yomwe inathandiza kubala lamulo loteteza penshoni za antchito la ERISA la 1974.

Muziika zingati? Zigaweni pawiri. Gawo loyamba ndi mtengo wa njerwa ya chaka chino, ija ya 13,700, imeneyi isamaphonye ngati mmene simuphonyera INSS. Gawo lachiwiri ndi lokwirira dzenje. 34,700 ija mukafuna kuitseka m'zaka 5 musangogawa ndi 5 nkupeza 6,900 ayi, dzenje nalo likubereka 12 peresenti, nde zoona zake ndi pafupifupi 9,600 pachaka. Ine maganizo anga, powerengera zoika m'thumba gwiritsani desconto yotsikirapo kuposa ya m'buku, mukawonjeza simunataye kanthu, zaka za mtsogolo mudzapuma. Ndipo nthawi yokwirira isapitirire zaka zomwe anthu ambiri atsala nazo pantchito, komanso kuno kwathu isapitirire moyo wa kontilakiti yomwe imakudyetsani. Ngati kampani yanu imadalira kunyamula malasha kapena fodya ndipo mgwirizano watsala zaka 6, kukonza zokwirira dzenje m'zaka 15 ndi kudzinamiza. Chaka chomwe malasha ali pa mtengo wabwino ikani zambiri.

Kumbukiraninso kuti njerwa zimadula munthu akamakula. Ya makaniko uja pa zaka 40 ndi 13,700, koma ya chaka chake chomaliza idzakhala pafupifupi 118,000 chifukwa sipadzakhalanso nthawi yoti ndalama ibereke. Kampani yomwe inalemba anyamata ambiri nthawi imodzi pomwe migodi ya Moatize imatsegulidwa, anthu amenewo akukalamba limodzi, bajeti yanu iyembekezere zimenezo.

Za komwe ndalama zikabzalidwe sindichulutsa. Anthu omwe apuma kale kapena atsala pang'ono, ndalama zawo zikhale m'zinthu zosavuta kusandutsa kashi, mabondi ndi madipoziti omwe nthawi yake yokhwima ikugwirizana ndi nthawi yolipira. Za achinyamata zitha kulowako ku masheya a pa Bolsa de Valores de Moçambique, msika wa masheya komwe HCB, kampani ya magetsi ya Cahora Bassa, inagulitsako masheya kwa anthu mu 2019, kapena ku nyumba zobwereketsa, kungoti msika wathu ndi waung'ono kugulitsa mwachangu kumavuta. Osaunjika malo amodzi olo atakhala a boma, tinaona mu January 2017 boma likulephera kulipira bondi yake ya madola. Ndipo thumba lisabwereketse ndalama kwa kampani yomwe inalibala kapena kugula masheya ake ambiri, chifukwa tsiku lomwe kampani yadwala ndi tsiku lomwelo thumba likufunika lamoyo.

Chinthu china chomwe ife a ku Tete tachiona ndi maso, eni makampani amasintha. Mgodi wa Benga unachoka kwa Riversdale kupita kwa Rio Tinto mu 2011, nkupitanso kwa ICVL mu 2014, wa Moatize unachoka kwa Vale kupita kwa Vulcan mu 2022, ndipo kukasintha kumtunda makontilakita ang'onoang'ono nawonso amagulana, kuphatikizana, ena kutseka. Ngati ndinu ogula, itanani actuário wanuwanu awerengere dzenje musanagwirizane mtengo ndipo mulichotsere pa mtengowo. Ngati ndinu a sindikato, pemphani kuti mgwirizano wogulitsa unene momveka kuti lonjezo la penshoni lasenzedwa ndi ndani, ndipo funsani nambala imodzi, thumba likukwana maperesenti angati a ngongole. Mu chitsanzo chathu ndi 116,000 pa 150,700, pafupifupi 77 peresenti. Kampani ikaona kuti mtolo walemera itha kutseka khomo kwa olowa atsopano nkuwaika ku contribuição definida, ambiri padziko achita choncho, koma zaka zomwe anthu agwirira kale zikhalabe ngongole mpaka womaliza adzalandire.

Poti mabuku ambiri kuno timatseka pa 31 December, ine ndimatumiza kaundula kwa actuário mu October, November timakhala pansi atatu ndi odita kukangana za desconto ndi kukwera kwa malipiro, January amangosintha manambala a tsiku lotseka. Mu lipoti lake pemphani tebulo loonetsa mmene ngongole ingasinthire desconto ikakwera kapena kutsika ndi 1 peresenti, malipiro ndi 1 peresenti, moyo ndi chaka chimodzi, komanso ndalama zomwe zituluke chaka chilichonse m'zaka 10 zikubwerazi. Tsamba limenelo ndi lomwe ndimapita nalo kwa abwana tisanapange bajeti, ndipo wantchito aliyense timamusindikizira kapepala kake ka zaka zomwe wagwira ndi zomwe wapeza kale, timawerenga naye m'Chinyanja kapena m'Chinyungwe, akaona kuti tsiku lolowera ntchito lalakwika timakonza pompo asanasaine.